Mwatera pa Kamuzu, kwanu ndi ku Salima kapena ku Nkhotakota: mukwere chani?

Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa tawuni ya Lilongwe, ndipo palibe basi yomwe imanyamuka pakhomo pa bwaloli n'kukakutulani ku Khombedza kapena ku Mkaika. Ndiye kwa ife akunyanja ulendowu umakhala wa zidutswa zitatu: kuchoka pabwalo kukafika pomwe pali galimoto za ku Salima, kutsetsereka ndi msewu wa M14 (ena n'kupitiriza ndi M5 kulowera ku Nkhotakota), kenako kuchoka pa tala kulowa m'mudzi mwenimwenimo. Anthu ambiri, makamaka obwera kuchokera ku Joni atakhalitsako zaka, amangoganiza za chidutswa chapakati chija pomwe chovuta kwambiri ndi chomaliza. Mutha kufika pa Kamuzu Road ku Salima bwinobwino 6 koloko madzulo, koma ngati kwanu n'kutali ndi msewu ndipo mvula yagwa masana amenewo, ulendo wathera pompo.

Zoti muyang'ane musanasankhe

Ine njira iliyonse ndimayiyeza ndi zinthu zinayi. Choyamba mtengo, koma osati wa mutu wanu wokha ayi, muwerengere ndi katundu chifukwa sutikesi yayikulu mu minibasi imalipitsidwa ngati munthu, muwerengerenso kuti mutsika n'kukwera kangati poti paliponse pomwe mwasintha galimoto pamatuluka ndalama. Mitengo ya thiransipoti imasintha bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA likangokweza mafuta, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo womwe munalipira ulendo wathawu suthandizanso kanthu, ndiye muimbire wachibale dzulo lake akuuzeni mtengo wa sabata imeneyo. Pano ndizingoyerekeza kuti iyi ndi yodula kuposa iyo.

Chachiwiri kupezeka kwake, makamaka nthawi. Ndege zambiri zochokera ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg zimatera masana, muwonjezerepo nthawi ya ku imigireshoni ndi kudikira zikwama, ndiye dzuwa kuno limalowa cha m'ma 6 koloko, miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi 6 isanakwane n'komwe kwada. Chachitatu ndi chisamaliro cha katundu ndi thupi lanu, kaya muli ndi khanda, kaya agogo omwe achokera ku chipatala cha kunja, kaya TV ya mu katoni. Chachinayi ndi zoopsa za njirayo, ngozi, akuba, kapena kungosiyidwa panjira usiku.

Kuchoka pabwalo: takisi kapena kabaza ndi minibasi

Mukatuluka pakhomo madalaivala a takisi amakhala ali pomwepo, kupezeka si nkhani, ndege iliyonse amayidikira. Vuto ndi mtengo. Takisi ya pabwalo kukafika ku depoti ku Area 2 nthawi zambiri imadya ndalama yoposa ya ulendo wonse wa minibasi wa ku Salima, ndipo mulibe mita, mumagwirizana pakamwa, ndiye mugwirizane musanalowetse chikwama mu buti komanso munene kuti ndi makwacha chifukwa ena akaona zomata za ndege pa sutikesi amayamba kutchula madola. Mukawauza kuti akutsitseni pa Kanengo pomwe M14 imapatukira ku Salima mtengo umatsikako poti ndi pafupi kusiyana ndi m'tawuni. Ku mbali ya katundu iyi ndiye njira yabwino, zonse zili mu buti, simunyamula kanthu pamutu. Choopsa n'chochepa bola mwakwera galimoto yodziwika pabwalopo, osati munthu wongokukokani dzanja kupita nanu ku galimoto yoimikidwa kutali.

Njira inayo ndi kufika pa msewu wa M1 pa kabaza wa njinga yamoto kapena lifiti, kenako kukwera minibasi zochokera ku Mponela ndi ku Kasungu zomwe zimadutsa pa Lumbadzi tsiku lonse. Ndi yotchipa kwambiri, sizifanana n'komwe ndi takisi. Koma kuchoka pakhomo pabwalo kufika pa M1 pali kamtunda ndithu, si koyenda wapansi ndi sutikesi dzuwa la Okutobala, ndipo akabaza sakhala pakhomo penipeni ngati matakisi, mungafunike kuyenda pang'ono kapena kufunsa ogwira ntchito pabwalopo akuitanireni wina. Iyi ndi ya munthu wa chikwama chimodzi chakumsana. Ndi masutikesi awiri musayesere.

Minibasi ya ku Salima

Mtengo wake ndi womwe anthu ambiri amakwanitsa, ndipo ndi womwe mungayezere njira zina zonse. Katundu ndi amene amasokoneza: kondakitala amayang'ana chikwama n'kuyang'ana nkhope yanu n'kutchula mtengo, ndiye apa pofunika kunenerera, mwaulemu koma osagonja, "achimwene chikwama chimodzi ichi, chilowa pansi pa mpando." Mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono, mukatulutsa K5,000 yatsopano kuchokera mu mpukutu chenje chake mudzachikumbutsa mpaka pa Mvera.

Kupezeka ndiye mphamvu yake. Ku depoti zimakhalapo kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, koma sizinyamuka ndi wotchi, zimanyamuka zikadzadza, ndipo apa pali kachinyengo kamene mlendo sakadziwa. Mumafika anyamata oitanira n'kukulandani chikwama m'manja, "Salima yonyamuka iyi madala, yatsala awiri", mukasuzumira mkati zoona anthu ali thoo, injini ikulira, dalaivala akuiyendetsa pang'ono kutsogolo n'kubwereranso m'mbuyo. Mukangolipira n'kukhala pansi mumaona anthu anayi akutsika mmodzimmodzi, anali ongokhalira mipando kuti ioneke yodzadza. Muyang'ane ngati okhalamowo ali ndi katundu pamiyendo, ngati muli amayi a ana ndi majumbo, amenewo ndi apaulendo enieni. Ndipo musalipire isananyamuke ngati n'kotheka.

Kodi mukwerere ku depoti kapena pa Kanengo? Pa Kanengo mwapulumutsa ndalama ya takisi ndi nthawi yolimbana ndi mzere wa galimoto wa m'tawuni, koma minibasi zambiri zimafika pamenepo zitadzadza kale, mumapeza kampando kopinda kapakati kapena kukhala moyang'ana m'mbuyo kuseri kwa dalaivala, ndipo malo a katundu wamkulu amakhala atatha. Ku depoti mumasankha mpando ndipo mumaona ndi maso anu pomwe aika chikwama. Wopepukidwa apite pa Kanengo, wa katundu apirire apite ku depoti.

Chisamaliro ndiye chochepa ndithu. Mpando wa anthu atatu amakhalapo anayi, buti imamangidwa ndi chingwe isanatsekeke bwino, sutikesi yanu itha kupanikizidwa ndi thumba la chimanga kapena zigubu. Laputopu, mapasipoti ndi mankhwala zikhale pamiyendo panu basi. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, koma ndi kuimaima kwa pa Chezi, pa Mvera ndi masiteji ang'onoang'ono muwerengere maola awiri kapena kuposa.

Zoopsa zilipo ziwiri. China ndi mapiri a ku Mvera pomwe msewu umatsetsereka mokhotakhota kulowera kuchigwa cha kunyanja, minibasi yodzadzitsa ya mabuleki otopa pamenepo si yabwino, usiku ndiye kwambiri. Chinacho ndi kugulitsidwa. Mwakwera yoti "Nkhotakota dairekiti", kufika pa Kaphatenga pomwe M5 imapatukira kumpoto anthu ambiri atsika, kondakitala akuti lowani iyo ili apoyo takulipirirani kale, ndiye mukayambirenso kudikira kuti idzadze, nthawi zina kondakitala watsopanoyo n'kukana zoti walandira ya katundu. Musatsike mpaka makondakitala awiriwo alankhulane inu mukumva.

Sienta

Timagalimoto ta Toyota Sienta tadzaza misewu yathu ndipo pa Lilongwe ndi Salima tiliponso tambiri. Mtengo umakhala wofanana ndi wa minibasi kapena kukwererapo pang'ono. Ubwino wake sitichedwa kudzadza poti anthu ake ndi ochepa, sitiimaima kwambiri, ndiye ngati mukuthamangitsana ndi dzuwa Sienta imakugulirani mwina theka la ola, ndipo theka la ola limenelo ndi lomwe limasiyanitsa kupeza kabaza ndi kusamupeza.

Koma galimotoyi inapangidwira anthu 7 ndipo sikawirikawiri kunyamula 7. Kutsogolo pampando wa munthu mmodzi amakhala awiri, kumbuyo kwenikweni komwe kukanakhala katundu amaikako anthu, ndiye sutikesi yayikulu ilibe malo pokhapokha muigulire mpando. Ine ndimaona kuti kugula mipando iwiri mu Sienta, kapena kulipira mpando wonse wakutsogolo kuti mukhale nokha, ndi ndalama yogwiritsa bwino ntchito kusiyana ndi kukangana za katundu mu minibasi. Choopsa ndi liwiro, anyamata ambiri oyendetsa amathamangira kuti apange maulendo ambiri patsiku, komanso zina mwa galimotozi zilibe nambala yofiira ya galimoto zonyamula anthu, ndiye pa lodibuloko zimachedwa kapena dalaivala amayamba kuzemba. Mukaona akuthamanga mopitirira muyeso lankhulani, "adalaiva tili ndi ana kunyumba", anthu ena m'galimotomo amakuvomerezani.

Basi yayikulu ya kunyanja

Awa ndi mabasi ochoka ku Lilongwe kudzera ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay ndi Mzuzu. Kwa munthu wa ku Benga, ku Chia, ku boma la Nkhotakota kapena ku Dwangwa iyi ndiye njira yomwe ine ndimaikonda, chifukwa simugulitsidwa panjira, mwakwera kamodzi mwafika. Mtengo wa mutu susiyana kwambiri ndi minibasi pa mtunda wautali, ndipo katundu amalowa m'mabuti apansi, zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zija zimakwana popanda kuzipinda. Muzilembe dzina ndi nambala ya foni, ndipo basi ikaima pa Salima suzumirani pawindo muone zomwe zikutsitsidwa.

Vuto ndi kupezeka. Ndi ochepa, ambiri amanyamuka m'mawa kapena chakumasana akadzadza, ndipo basi yayikulu kudzadza kwake kumatenga maola. Munthu wotera masana nthawi zambiri amapeza apita, kapena wotsalayo ndi wofika ku Nkhotakota pakati pa usiku. Kuchoka ku Salima kufika ku Nkhotakota ndi makilomita opitirira 100 enanso, ndipo M5 kuyambira pa Kaphatenga kupita kumpoto yakhala yopapatiza ndi yokumbikakumbika kwa zaka zambiri, pomwe akukonza pamakhala njira zapambali zafumbi, ndiye musawerengere nthawi ngati ya pa M14. Nyengo ya mvula mufunsiretu za milatho, madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 anadula msewuwu cha ku Dwangwa anthu n'kukhala mbali ino ndi mbali iyo. Ku ngozi basi yayikulu ndiyabwinoko kusiyana ndi tating'ono tija, koma ikadzadza ena amaimirira mpaka Salima, ndiye fikani msanga mupeze mpando.

Njira zodulira: Dowa ndi Ntchisi

Mukayang'ana mapu a pafoni muona kuti kuchoka pa Lumbadzi pali msewu wodzera ku Dzaleka ndi ku boma la Dowa n'kukatulukira pa Chezi, osalowanso ku Kanengo. Pa galimoto yanuyanu kapena ya hayala ndi njira yabwino. Pa thiransipoti wamba ndiye mudula ulendo m'tizidutswa tambiri, kufika ku Dzaleka ndi ku Dowa galimoto zilipo zambiri koma kuchoka pa Dowa kupita pa Chezi zimachepa, ndipo pa Chezi mudikira za ku Salima zomwe zabwera zodzadza. Ndalama simupulumutsa kwenikweni.

Ya ku Ntchisi ndi Malomo imakalowa mu M18 yomwe imadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, imene a bungwe loteteza nyama zakuthengo la African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015 ndipo anabweretsamo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Ndi njira yokongola ndipo kwa a kumtunda kwa Nkhotakota ndi yachidule, koma galimoto zake n'zochepa, madzulo zimasowa, ndipo m'nkhalango si moti galimoto ikufereni kukuda. Ndi ya munthu amene wanyamuka m'mawa ndipo njirayo amaidziwa kale.

Hayala mpaka pakhomo

Si thiransipoti wamba kwenikweni koma tiyiike pano kuti muyerekeze. Mtengo ndi waukulu, mumalipira mafuta opita ndi obwerera, ndipo nthawi yomwe mafuta akusowa ngati momwe zakhala zikuchitikira kuyambira 2022 dalaivala amawerengera mtengo wa mafuta a m'zigubu. Koma mukakhala anayi kapena asanu ndi masutikesi anu, werengerani mitu yonse, katundu yense, takisi ya pabwalo ndi akabaza asanu kumapeto, mupeza kusiyana si kwakukulu monga mumaganizira. Chinsinsi chake n'kuitana dalaivala wa kwanu komweko, wa Sienta wa pa Salima kapena pa Nkhotakota yemwe abale amamudziwa, abwere kudzakutengani. Ameneyo amadziwa pokhotera, amadziwa dambo lomwe limatitimiza galimoto, ndipo sakakusiyani pa tala n'kunena kuti msewu uwu galimoto yanga singalowe, zomwe madalaivala a m'tawuni amachita kawirikawiri akaona mchenga. Mugwirizane kuti "mpaka pakhomo", mupereke ya mafuta yokha poyamba, yotsalayo mukafika.

Chidutswa chomaliza: kuchoka pa tala

Apa ndiye pofunika kuganizira musanakwere n'komwe ndege. Pa Kamuzu Road, pa Kaphatenga, pa Khombedza, pa Thavite, pa Benga, pa Mkaika, paliponse pali siteji ya kabaza. A ku Senga Bay muli ndi mwayi poti makilomita 20 aja ndi a tala ndipo galimoto zimayenda mpaka madzulo, koma a ku Lifuwu, a m'midzi ya kumtunda ndi ya m'mphepete mwa nyanja yomwe ili kutali ndi M5 ndi kabaza basi.

Wa njinga yamoto ndi wachangu ndipo amafika pomwe galimoto sifika. Mtengo umakwera kukamada komanso mvula ikagwa, ndipo akaona kuti ndinu mlendo amawonjezera, ndiye mutchule dzina la mudzi ndi la a mfumu ngati munthu wakwanu, osati kumufunsa iyeyo kuti ndi kutali bwanji. Sutikesi amaigoneka chopingasa pa kaliyala n'kuikulunga ndi mphira za chubu, kukoka mpaka mphirayo italowa m'nsalu, ndiye ngati muli zosweka m'mbali muzichotse, ndipo matayala a sutikesi aziyang'ana kunja kuti asakubayeni msana njira yonse. Chikwama chikakhala chachikulu tengani njinga ziwiri, ina ya katundu ina yanu, ndipo ya katunduyo izikhala patsogolo muziiona. Choopsa ndi mchenga wa kunyanja womwe umagwetsa njinga, matope a makande nthawi ya dzinja, ndi kusowa kwa zipewa, ambiri amakhala ndi chimodzi chokha kapena alibiretu. Usiku ngakhale akabaza eniake amaopa kulowa m'njira zakutali chifukwa cha achifwamba olanda njinga, ndiye akakana musawaone ngati amwano.

Wa njinga yakapalasa ndi wotchipa, wodekha, ku Salima poti ndi kwa flati amayenda bwino, agogo ambiri amakonda ameneyu chifukwa sawagwedeza. Koma mtunda wautali ndi katundu wolemera ayi, ndipo pa mchenga mutsika muziyenda limodzi. Matola, kaya pikapu kaya lole, amapezeka kwambiri tsiku la msika, katundu yense amakwera pamtengo wabwino, koma mumakhala pamwamba pa matumba padzuwa ndi fumbi ndipo amanyamuka nthawi yawo. Ngolo ya ng'ombe musaiderere, ngati kwanu ilipo auzeni abale aibweretse pa siteji itenge katundu inu mukwere kabaza.

Musanachoke pabwalo kapena m'tawuni onetsetsani kuti foni ili ndi moto, muli ndi laini ya kuno yolembetsa ndi mayunitsi, ndalama ina ili mu Airtel Money kapena TNM Mpamba koma ina ili m'thumba yogwirika, chifukwa ejenti wa pa siteji yaying'ono madzulo amatha kukuuzani kuti alibe kashi, ndipo mabanki ndi ma ATM ali pa boma pokha ndi malo akuluakulu ngati Dwangwa.

Ndiye ndani akwere chani

Ngati muli nokha ndi chikwama chimodzi, mwatuluka pabwalo 2 koloko isanakwane ndipo kwanu ndi ku Salima kufupi ndi msewu, kabaza mpaka pa M1, minibasi mpaka pa Kanengo, kenako Sienta, mufika kukuwala ndipo ndalama yambiri yatsala m'thumba. Ngati muli ndi masutikesi awiri, takisi mpaka ku depoti, mugule mipando iwiri mu Sienta kapena mu minibasi, ndipo wachibale akudikireni pa siteji ndi kabaza wodziwika.

A ku Nkhotakota, Dwangwa ndi Dwambazi amene mwatera masana, ine ndikuti gonani. Pezani resitihausi ku Lumbadzi kapena kwa achibale mu Lilongwe, m'mawa mulawirire ku depoti mukwere basi yayikulu, mukafika masana akabaza ali mbwee ndipo mtengo ndi wamasana. Ngati mtima sukulola kugona ku Lilongwe, tsikani mpaka Salima mugone pa boma, mawa mupitirize, koma osakakamira kukafika pa Mkaika 10 koloko usiku ndi katundu wa ku Joni.

Banja lonse, munthu wodwala, mayi wa khanda kapena okalamba, itanani galimoto ya kwanu idzakutengeni pabwalo mpaka pakhomo, musonkherane. Chimodzimodzi ngati mukuthamangira maliro ndipo mwambo ndi wa mawa m'mawa, hayala ndi yokhayo yomwe ingakufikitseni usiku womwewo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, njira iliyonse yomwe mwasankha, muimbe kaye kumudzi mufunse ngati mtsinje wa kwanu ukuwolokeka tsiku limenelo, ngati sukuwolokeka mugone pa boma mudikire madzi aphwe.